Mabasela a ku Las Vegas atha: ndiwonjezere ndalama yobetchera?

FUNSO

A mlembi,

Ndine Mmalawi wokhala ku Indiana, kuno ku America, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Chaka ndi chaka ine ndi mayi a kunyumba timasunga kangachepe n'kupita ku Las Vegas kukapuma masiku atatu kapena anayi. Tinayamba mu 2012. Nthawi imeneyo zinkakoma. Chipinda ankatipatsa chaulere, chakudya chodzitengera wekha mpaka mimba itakana chinalinso chaulere, galimoto ya hayala tinkaimika osalipira, ndipo ukangokhala pa makina wobweretsa zakumwa ankafika usanamuitane. Ine ndimasewera makina, mwa apo ndi apo blackjack. Mayi amakonda ziwonetsero ndi kuzungulira m'masitolo.

Masiku ano si mmene zinalili. Chipinda amati n'chaulere koma potuluka amandilipiritsa ndalama ina imene amati resort fee. Poimika galimoto, ndalama. Malo a chakudya aja anatseka. Chakumwa umadikira mpaka kukhosi kuchita gwa. Ulendo wathawu tinaima nthawi yaitali pa mzere wolandirira makiyi, ndipo m'chipinda sanabwere kudzakonzamo mpaka titapempha. Tsopano andilembera kuti ndikasewera mowonjezera chaka chisanathe akweza gawo la khadi langa la kasino, ndipo pa gawo limenelo resort fee ndi ndalama ya galimoto adzandichotsera. Ndikuganiza zopitanso ndekha mu December n'kukweza ndalama yobetchera kuti ndifike pamenepo, ngakhale mayi sindinawauze. Kodi n'zanzeru? Nanga munthu wa ndalama zochepa ngati ine angatani kuti ndalama yake ioneke ntchito kumalo kumene akuonetseratu kuti satifunanso?

Wanu,
Wa ku Indiana

YANKHO

Achimwene,

Musawonjezere, ndipo ulendo wa December uja ulekeni. Ndayamba ndi limeneli kuti ngati nthawi ya shifiti ingakwane musanamalize kuwerenga, mupite nalo.

Chipinda chija sichinali chaulere ngakhale mu 2012. Mayi wogulitsa tomato akakuponyerani basela amakhala atawerengera kale kuti phindu lake lili mu mulu umene mwagulawo. Kasino imachitanso chimodzimodzi, kungoti iyo imawerengera pa kompyuta. Khadi lanu likalowa m'makina, kapena mukalipereka kwa woyang'anira matebulo, amalemba zinthu zinayi: ndalama imene mukuponya nthawi iliyonse, mukuponya kangati pa ola, mwakhalapo maola angati, ndi gawo limene masewerowo amasiyira kasino malinga ndi masamu ake. Akachulukitsa zinayizi amapeza ndalama imene akuyembekeza kukudyani, imene eni ake amaitchula kuti theo. Kaya tsikulo mwawina kaya mwadyedwa, theo wanu sasintha. Pa ndalama imeneyo amatapapo pang'ono, kawirikawiri gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, n'kukubwezerani ngati chipinda, chakudya kapena ndalama yosewerera.

Tiyeni tiikepo manambala. Tinene kuti mumaponya dola imodzi ndi theka nthawi iliyonse mukadina makina. Munthu wosapupuluma amadina ka 500 pa ola. Ndiye kuti ola likamatha mwadutsitsa madola 750 m'makinamo, ngakhale m'thumba munangotulutsa 200, chifukwa tindalama timene mwawina mumatibwezera momwemo. Makina amene amalembedwa kuti ndi a senti imodzi, aja a nyimbo ndi zithunzi zothwanima, ndi amene amadya kwambiri. Malipoti amene bungwe la Nevada Gaming Control Board limatulutsa mwezi ndi mwezi amaonetsa kuti makina oterewa amasunga pafupifupi 10 peresenti ya ndalama zonse zodutsamo, ndipo pa Strip, msewu waukulu uja wa mahotela, amapitirira pamenepo. Ola lanu limodzi ndi la madola 75. Maola anayi pa tsiku, masiku atatu, ndi madola 900. Basela wanu pamenepo ndi madola 180 kapena 225. Chipinda chimene munkauza anzanu kuti n'chaulere munkachigula pa madola 900 aja.

Tsopano yerekezani ndi zimene akukulonjezani. Resort fee m'mahotela akuluakulu a pa Strip ili cha m'ma 50 madola usiku umodzi, msonkho pambali. Galimoto ndi cha m'ma 20 pa tsiku. Masiku anayi, zonse pamodzi ndi madola 300 kapena kuposerapo pang'ono. Kuti mupulumutse 300 ameneyo chaka chamawa, mukufuna kugula tikiti ya ndege, kudya chakudya cha kuhotela, kutaya masiku a ntchito, ndi kukhala pa makina ndi ndalama yokwezedwa. Kalata imene akulemberaniyo inalembedwa ndi anthu amene anachita kale masamu amenewa, ndipo sakanaitumiza akanaona kuti wopindula ndinu.

Mwanena kuti akuonetseratu kuti sakufunaninso. Simunaname kwenikweni, ndipo ndi bwino mudziwe chifukwa chake, kuti musamadikire zakale zimene sizibwerera.

Las Vegas yakale inkakhalira juga basi. Boma la Nevada linaloleza juga mu 1931, ndipo kwa zaka zambiri chipinda, chakudya ndi chakumwa zinkagulitsidwa motchipa dala, ngakhale moluza, kuti munthu afike pa tebulo. Benny Binion, amene anatsegula Horseshoe pa Fremont Street mu 1951, anatchuka chifukwa chopatsa zakumwa zaulere ngakhale anthu obetcha tindalama tochepa. Zinayamba kutembenuka mu 1989 pamene Steve Wynn anatsegula Mirage, hotela imene inadya madola 630 miliyoni. Kuchokera pamenepo malo odyera, ziwonetsero ndi masitolo zinayenera kubweretsa phindu pazokha. Pofika mu 1999, ndalama zimene mahotela a pa Strip ankapeza pa zinthu zina zinaposa za juga, ndipo lero gawo la juga latsika kuposa pamenepo. Munthu amene amalipira chipinda madola 400, kudya nyama ya madola 100 n'kukavina usiku wonse osagwira khadi ngakhale limodzi, kwa iwo ndi kasitomala woposa inu.

Khadi limene muli nalolo lili ndi mbiri yakenso. Kale woyang'anira matebulo ankakuyang'ana m'maso, akakukonda n'kukulembera kapepala ka chakudya. Mu 1998 kampani ya Harrah's inalemba ntchito Gary Loveman, mphunzitsi wa ku Harvard Business School, ndipo iye anakulitsa dongosolo la makhadi limene linadzatchedwa Total Rewards, lero Caesars Rewards. Cholinga chinali kudziwa mtengo wa munthu aliyense payekha ndi kumupatsa chochepetsetsa chimene chingamubweretsenso. Makampani ena onse anatengera. Mabasela akamachepa, nthawi zambiri ndi kompyuta imene yaona kuti mumabwerabe ngakhale atachepa.

Palinso nkhani ya malo. Mahotela ambiri otchuka sali pa nthaka yawo. Kampani ya VICI Properties, imene inabadwa mu 2017 kuchokera m'mavuto a ngongole a Caesars, ndi imene ili mwini wa nyumba ndi nthaka ya Caesars Palace, MGM Grand, Mandalay Bay ndi Venetian. Mu 2019 MGM inagulitsa nyumba ya Bellagio kwa Blackstone pa madola 4.25 biliyoni n'kuyamba kuchita lendi m'nyumba yomweyo. Lendi imafunika kaya alendo abwera kaya sanabwere, ndipo imakwera. Ndalama yake imachokera kwa inu, m'njira zing'onozing'ono zambiri. MGM inayamba kulipiritsa poimika galimoto mu 2016, Caesars n'kutsatira, ndipo poti makampani awiriwa ndi amene akuyendetsa mahotela ambiri a pa Strip, kothawira kunachepa. Kenako Covid inatseka makasino onse kuyambira pakati pa March mpaka pa 4 June 2020. Potsegula anatsegula ndi antchito ochepa, malo ambiri odyera modzitengera sanatsegulidwenso, koma anthu anabwera mwaunyinji ndithu. Eni mahotela anaphunzirapo kuti angathe kuchotsa zambiri popanda kutaya kasitomala. Mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 mu November 2023 ndi Super Bowl mu February 2024 zinangowatsimikizira kuti a matumba akuya alipo.

Ndiye mutani? Lekani kufunsa kuti akupatsani chiyani, muyambe kufunsa kuti ola limodzi la chisangalalo chanu mukuligula ndalama zingati. Funso limeneli lili ndi yankho la manambala, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa basela aliyense amene angakupatseni.

Poti mumasewera kale blackjack, tiyambire pamenepo. Musanakhale pansi, werengani zimene zalembedwa pa nsalu ya tebulo kapena pa kachikwangwani ka pambali. Mukaona 3 to 2, ndi tebulo la malamulo akale. Mukaona 6 to 5, dutsani. Mukabetcha madola 15 n'kulandira blackjack, tebulo loyamba limakupatsani madola 22.50, lachiwiri 18. Kusiyana kwa madola 4.50 kumaoneka kochepa, koma blackjack imabwera pafupifupi kamodzi pa maulendo 21 alionse, kutanthauza katatu pa ola ngati tebulo lili ndi anthu. Pa tebulo la 3 to 2, munthu wosewera molondola amasiyira kasino pafupifupi theka la peresenti imodzi. Madola 15, ka 60 pa ola, ndi madola 900, ndipo theka la peresenti ndi madola 4.50 pa ola. Pa 6 to 5 gawo la kasino limafika pafupifupi 2 peresenti, ola lomwelo n'kukhala la madola 18. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiona: tebulo la madola 25 la 3 to 2 limakudyani pafupifupi 7.50 pa ola, kutchipa kuposa la madola 15 la 6 to 5. Vuto lake n'lakuti usiku ukaipa ndalama imapita msanga, choncho ngati thumba silikulola, kuli bwino kukasaka tebulo la madola 10 kapena 15 la 3 to 2 kutali ndi Strip.

Ndati wosewera molondola. Theka la peresenti lija ndi la munthu amene amatsatira kakhadi ka basic strategy, kamene kamakuuzani chochita pa makhadi alionse amene mwagwira poyerekeza ndi limene wogawa waonetsa. Kamagulitsidwa madola ochepa m'masitolo a m'mahotela momwemo, ndipo m'malo ambiri amalola kukagwira m'manja pa tebulo bola musachedwetse anzanu. Wosewera mongomva mumtima amasiyira kasino kangapo kuposa pamenepo. Akakufunsani za insurance, kanani. Timabokosi ta m'mbali tobetcherapo dola imodzi kapena asanu, tolonjeza ndalama zambiri mukalandira makhadi ofanana, ndi timene timabweza zonse zimene mwapulumutsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pa roulette werengani maziro. Gudumu la ziro mmodzi limasiyira kasino 2.7 peresenti, la maziro awiri 5.26, la maziro atatu 7.69. La maziro atatuli linayamba kuoneka pa Strip mu 2016 ndipo lafalikira kwambiri, makamaka pa matebulo otchipa kumene anthu ngati inu ndi ine timathamangira. Madola 10, ka 40 pa ola: 11, 21 kapena 31, malinga ndi gudumu limene mwakhalira. Masewero ndi amodzimodzi, mpira ndi womwewo. Pa baccarat kubetchera banker ndi 1.06 peresenti, player 1.24, koma tie ndi kupitirira 14. Pa craps, pass line ndi 1.41.

Ngati mtima wanu uli pa makina ndithu, yesani video poker, chifukwa ndi makina amene amalemba mtengo wake poyera. Pa masewero a Jacks or Better yang'anani mzere wa full house ndi wa flush. Akalemba 9 ndi 6, makinawo amabweza 99.54 peresenti kwa wosewera molondola. Akalemba 8 ndi 5, ndi 97.3. Dola imodzi ndi masenti 25, ka 500 pa ola, oyambawo amakudyani pafupifupi madola 3 pa ola, achiwiriwo 17. Yerekezani ndi 75 ija. Mudzaona kuti makina a 9 ndi 6 amapereka mapointi ochepa, ena sapereka n'komwe. Umenewo ndi umboni wakuti mwakhala pabwino. Masewero amene akukwezerani mapointi mofulumira ndi amene akukudyani mofulumira.

Liwiro nalo ndi ndalama. Tebulo lodzaza anthu, lokhala ndi gogo wina amene amaganiza nthawi yaitali asanasankhe, ndi lokuthandizani, chifukwa makhadi amagawidwa kochepa pa ola. Mukakhala nokha ndi wogawa, maulendo amachuluka katatu, ndipo ndalama yodyedwa imachulukanso katatu. Pa makina, dinani, imani, onerani anthu, chezani. Palibe amene akukuthamangitsani.

Manambala onsewa ndi a pa nthawi yaitali. Usiku umodzi mungawine 500, usiku wina 300 yanu yonse n'kupita mu ola limodzi pa tebulo labwino lomwelo. Palibe masewero mwa amenewa amene amakupatsani inu mwayi woposa kasino. Chimene ndikukuonetsani ndi kusiyana kwa mitengo ya chinthu chimene mwasankha kale kugula. Ndiye ndalama ya ulendo igaweni m'maenvulopu, tsiku lililonse yakeyake, ndipo ya tsikulo ikatha, tsikulo latha. Khadi la kubanki lisiyeni m'chipinda. Makina otulutsira ndalama a m'kasino amadula pafupifupi madola 10 nthawi iliyonse, ndipo ulendo wopita pa makina amenewo pakati pa usiku sunathandizepo munthu.

Za kogona sindichulukitsa. Las Vegas si Strip yokha. Kuli Fremont Street kumene mzinda unayambira, kuli South Point kummwera, kuli makasino a Station ndi a Boyd monga Orleans ndi Gold Coast, amene makasitomala ake ambiri ndi anthu okhala mumzinda momwemo. Anthu amenewo amabwera sabata ndi sabata, amadziwa mitengo, ndipo ukawabera amasamuka. N'chifukwa chake kumeneko mumapezabe matebulo otchipa a 3 to 2, video poker yabwino, chakudya cha mtengo wa munthu, ndipo m'malo ambiri galimoto imaimikidwa mwaulere. Mungagone kumeneko n'kupita pa Strip kukaona. Mayi akafuna masitolo ndi ziwonetsero, basi ya Deuce imayenda usana ndi usiku pakati pa Fremont ndi Strip. Madzi ovina a pa Bellagio saonetsa ndi ndalama. Galimoto ya hayala itengeni tsiku limodzi lokha, limene mukupita ku Hoover Dam kapena ku Red Rock Canyon, m'malo moilipirira masiku anayi ili chiimire. Madzi akumwa ndi zotafuna gulani ku CVS kapena Walgreens, ndipo kafiriji ka m'chipinda musakakhudze, poti m'mahotela ena kungonyamula botolo n'kulibwezera akulembani kale ngongole.

Posungitsa chipinda yang'anani mtengo wonse. Kuyambira mu May 2025 lamulo la Federal Trade Commission limafuna kuti mahotela azionetsa mtengo wophatikiza ndalama zokakamiza monga resort fee kuyambira pachiyambi. Lamuloli silinathetse resort fee, koma lathandiza kuti chipinda cha madola 39 chisamasanduke cha 95 pa tsamba lomaliza. Chipinda chimene akukupatsani ngati basela chiyerekezeninso chimodzimodzi: ngati mulipira 50 ndi msonkho usiku uliwonse, ndi chipinda cha madola pafupifupi 57, ndipo pakati pa sabata mungapeze china pa mtengo umenewo popanda kusewera mphindi imodzi.

Khadi lanu musalitaye. Silidya ndalama, ndipo ngati mukusewera kale, kabasela kamene kangatuluke ndi kanu. Chofunika n'chakuti musakhale pa mpando mphindi imodzi yowonjezera chifukwa cha khadi. Dziwaninso kuti zimene amakutumizirani amawerengera pa theo wa tsiku limodzi, osati wa chaka. Mukalowetsa khadi mphindi khumi m'mawa wa tsiku lonyamuka, tsikulo limawerengedwa lathunthu ndipo limatsitsa chiwerengero chanu. Choncho tsiku lofika ndi lonyamuka mungangosiya osasewera, zimenenso zimathandiza thumba. Chakudya cha m'hotela lembetsani ku chipinda, ndipo usiku womaliza pitani ku desiki ya makhadi kapena kwa casino host mukapemphe kuti ayang'ane mmene mwasewerera n'kuona chimene angachotse pa bilu. Pemphani mwaulemu ndi momveka, tchulani resort fee ndi dzina lake. Ife tinaleredwa kuti kupempha zotere n'kudzichotsa ulemu, koma kumeneko ndi ntchito imene munthuyo analembedwera. Akakana, mwataya mphindi zisanu. Ndipo musadzimangirire pa kampani imodzi. Khadi latsopano ku kasino ina nthawi zambiri limabwera ndi kenakake kolandirira mlendo, ndipo kampani imene mwaisowa chaka chathunthu ndi imene imayamba kukukumbukirani ndi makalata abwino.

Pa za chakumwa chochedwa ndi chipinda chosakonzedwa, inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene zimakhalira munthu mmodzi akapatsidwa odwala amene kale ankasamalidwa ndi anthu awiri. Mtsikana wa zakumwayo akuyendera dera limene ankayendera awiri kapena atatu. Wokonza zipinda chimodzimodzi, moti bungwe la antchito la Culinary Union linachita kumenyera nkhani yokonza zipinda tsiku ndi tsiku pa zokambirana zake ndi mahotela mu 2023. Mkwiyo wanu upite ku ofesi, m'kalata. Wobweretsa chakumwa mupatseni dola kapena awiri nthawi yoyamba yomweyo, mudzaona kuti sakuiwalaninso. Komabe musaiwale kuti chakumwa chaulere chimene mwadikira mphindi makumi awiri mukudina makina a 75 pa ola chakudyerani madola 25. Kukagula pa bala n'kotchipa.

Tsopano mawu aja munawaika kumapeto ngati ongodutsa, akuti mayi simunawauze. Sindikuweruzani, ndipo kalata imodzi siyokwanira kuti ndinene kuti muli ndi vuto la juga. Koma zinthu zitatu zaonekera pamodzi: ulendo wowonjezera, ndalama yokwezedwa, ndi chinsinsi. Ulendo wanu wa chaka ndi chaka unali wa anthu awiri opita kukapuma. Wa December uwu ndi wa munthu mmodzi wopita kukagwirira ntchito khadi. Atengereni mayi pepala limene mwalembapo masamu awa, muwaonetse ndalama imene mwakhala mukudutsitsa m'makina, ndipo ndalama ya ulendo wotsatira muigwirizane awiri. Mukaona kuti pepalalo likukuvutani kuwaonetsa, kapena munayamba mwakhudzapo ndalama ya lendi kapena yotumiza kumudzi, imbani 1-800-GAMBLER. Ndi yaulere ndipo safalitsa dzina. Ndikunena izi podziwa kuti ku Indiana makasino ali pafupi, Four Winds ya ku South Bend inatsegulidwa mu 2018, ndipo kubetchera mpira kuli pa foni m'thumba. Kutalika kwa Las Vegas kwakhala kukukutetezani osadziwa, chifukwa kumafuna tikiti ndi tchuthi.

Chotsala ndi nthawi yopitira. Mitengo ya zipinda kumeneko imasintha tsiku ndi tsiku. Lamlungu madzulo mpaka Lachinayi n'kotchipa kwambiri kuposa Lachisanu ndi Loweruka, ndipo matebulo nawo amatsika mtengo, makamaka m'mawa. Pewani masabata a misonkhano ikuluikulu monga CES kumayambiriro kwa January, sabata ya Formula 1 mu November, ndi usiku wolowera chaka chatsopano. July ndi August n'zotchipa chifukwa cha kutentha, kumene mu July 2024 kunafika madigiri 49, choncho ngati mayi amakonda kuyenda panja miyezi imeneyo si yawo. Yang'aniraninso mmene msika ukuyendera. Mu 2024 mzindawu unalandira alendo oposa 41 miliyoni, koma mu 2025 chiwerengero chinatsika ndithu, madandaulo a mitengo atachuluka ndiponso alendo a ku Canada atachepa. Mahotela ena anayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo Resorts World inachotsa resort fee ndi ndalama ya galimoto kwa miyezi yotentha ya chaka chimenecho, kwa aliyense, popanda kufunsa gawo la khadi. Zoterezi zimabwera ndi masiku ake olembedwa m'tizilembo tating'ono, choncho sungitsani chipinda chimene mungathe kuchibweza osalipira, muziyang'ananso mtengo sabata iliyonse, ndipo ukatsika musungitsenso pa mtengo watsopanowo n'kufafaniza chakalecho.